Unyolo wa Charivari usamafunse kumene munthu anabadwira

Chaka ndi chaka, chikondwerero cha Oktoberfest chikamayandikira mumzinda wa Munich pakati pa mwezi wa September, mkangano womwewomwewo umabukanso m'chigawo cha Bavaria ku Germany: ndani woyenera kuvala zovala za makolo a chigawochi? Okonda mpira anaziwonapo zovalazi, chifukwa osewera a Bayern Munich amazivala popita kuchikondwererochi, ndipo mu 2022 tinaona Sadio Mané wa ku Senegal atatchena kabudula wachikopa uja amamutcha Lederhose. Pakati pa zovalazi pali kanthu kamodzi kamene osunga mwambo amakachitira nsanje kwambiri. Ndi unyolo wasiliva umene amuna amakoloweka kutsogolo kwa kabudulayo, wodzaza ndi tizinthu tolendewera. Dzina lake ndi Charivari, ndipo m'kalankhulidwe ka ku Bavaria limamveka kuti Schariwari. Osunga mwambowo amati unyolo umenewu ndi cholowa cha mabanja a eni nthaka, sugulidwa m'sitolo, ndipo mlendo kapena wobwera akauvala amakhala akuchita sewero ndi zinthu za eni ake. Ine ndikuti pamenepa akulakwitsa. Charivari ndi ya aliyense amene akufuna kuivala mwaulemu, ndipo mboni yoyamba pa mlanduwu ndi mbiri ya unyolowo pamodzi ndi dzina lake, limene eni nthakawo anachita kubwereka.

Tiyambe taona chinthucho pafupi, kuti tidziwe chimene anthu akukanganirana. Charivari ya mwamuna ndi unyolo wochindikala wotalika pang'ono kuposa lula ya kusukulu, ndipo nsonga zake ziwiri amazikoloweka pa mabatani a chivindikiro cha kutsogolo kwa kabudula, unyolowo nkumalendewera ngati uta. Pa unyolowo pamakhala mano awiri akumtunda a nswala yaikulu ya m'nkhalango za ku Ulaya, amene alenje amawatcha Grandeln, atazikidwa m'kachisoti kasiliva kosulidwa ngati masamba a mtengo. Pamakhala kanyanga kopinimbira ka nswala yaing'ono, dzino la nkhandwe, kangongole ka ubweya wa chiuli cha kumeneko, nthawi zina kadzanja kouma ka mfuko. Pamakhalanso ndalama zakale zasiliva: ina ya chithunzi cha Maria atanyamula mwana, ina ya Georg woyera akulasa chinjoka, ina ya mfumukazi Maria Theresa ya ku Austria yolembedwa chaka cha 1780, yomwe ija inayenda malonda mpaka ku Ethiopia ndi ku Arabia. Mlimi amaikapo kapulawo kasiliva kapena kakavalo, wopha ng'ombe amaikapo chizindikiro cha ntchito yake. Munthu akamayenda, tonseti timagundana nkumalira ngwelengwele. Palibe Charivari ziwiri zakale zofanana, chifukwa iliyonse inadzazidwa pang'onopang'ono ndi anthu osiyana. Amayi nawo ali ndi yawo, ya unyolo wopyapyala, imene amaikoloweka pachifuwa cha diresi yotchedwa Dirndl.

Tsono dzinali si la Chijeremani. Ndi mawu a Chifalansa, ndipo poyamba ku France sankatanthauza chokongoletsa chilichonse. Charivari linali phokoso lochititsa munthu manyazi. Bambo wachikulire wofedwa akakwatira kamtsikana, kapena mayi wamasiye akakwatiwanso anthu asanaiwale maliro, anyamata a m'mudzi ankasonkhana usiku pakhomo pawo ndi mapoto, ziwaya, mabelu ndi malipenga, nkumagogoda ndi kukuwa mpaka eni nyumba atawapatsa ndalama kapena vinyo. Akatswiri ambiri a zilankhulo amalondola mawuwa mpaka ku Chilatini cha m'zaka zam'mbuyo, caribaria, ndi ku Chigiriki, karebaria, kutanthauza kulemera kwa mutu, ndiye kuti litsipa limene phokoso lotere limasiya. Mwambowu unalowa ngakhale kunyumba yachifumu. Pa 28 January 1393 ku Paris kunali phwando la ukwati wa mayi wamasiye amene ankatumikira mfumukazi, ndipo mfumu Charles VI ndi anzake asanu anavala ngati zilombo za m'thengo, zovala zopakidwa utomoni. Muuni unayandikira, moto unagwira, anayi mwa ovinawo anafa, mfumu inapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mfumukazi ya tsikulo inali Isabeau, mwana wa banja lolamulira la ku Bavaria. Patapita zaka zoposa mazana anayi, mawu omwewa anakhala dzina la nyuzipepala ya zithunzi zonyoza olamulira, Le Charivari, imene inayamba ku Paris mu 1832.

Nanga mawu a phokoso la mapoto anakathera bwanji pa kabudula wa mlimi wa m'mapiri a Alps? Analowa m'Chijeremani m'nthawi ya Napoleon, wolamulira wa France. Bavaria inagwirizana ndi France mu 1805, ndipo pa 1 January 1806 inakwezedwa kukhala ufumu, Maximilian Joseph nkukhala mfumu yake yoyamba. Ubalewu unali wodula: asilikali a ku Bavaria pafupifupi 30,000 anathera ku Russia mu nkhondo ya 1812, ndipo chipilala chowakumbukira chilipobe pa Karolinenplatz ku Munich. M'zaka zimenezo, ngakhale kale pang'ono, Chifalansa chinali chilankhulo cha anthu apamwamba, ndipo mawu ake anatsikira kwa anthu wamba nkupotozedwa ndi lilime lawo. Mpaka lero a ku Bavaria amatcha ndiwo ina ya nyama ya ng'ombe kuti Böfflamott, kuchokera ku boeuf à la mode, ndipo kamphika kokodzeramo usiku ndi Potschamperl, kuchokera ku pot de chambre. Charivari inafika ndi matanthauzo awiri, phokoso ndi chisakanizo cha zinthu zopanda dongosolo, ndipo onse awiri anaukwana unyolo wolira umene umanyamula mano, ndalama ndi miyala malo amodzi. Unyolowo pawokha unachokera ku tcheni cha wotchi ya m'thumba, imene amuna a nthawiyo ankakolowekapo tizokongoletsa totchedwa Berlocken, mawu amenenso ndi a Chifalansa. Ndikuganiza kuti chinathandizanso ndi chakuti Bavaria inali kale ndi mwambo wake wochititsa anthu manyazi usiku, Haberfeldtreiben, umene boma linalimbana nawo mpaka chipwirikiti cha ku Miesbach mu 1893. Mwambowo unali ndi dzina lake kale, choncho mawu obwerawa anapeza mpata wokagwira ntchito ina.

Ndafotokoza zonsezi chifukwa zikugwetsa mzati umene mkangano wonse waimapo. Amene amati Charivari ndi ya magazi a eni nthaka amalankhula ngati chinthuchi chinamera chokha m'mapiri kuyambira makedzana. Koma tcheni ndi cha wotchi ya anthu a m'tauni, dzina ndi la Afalansa, ndalama zina zolendewerapo ndi za ku Austria. Chimene alimi ndi alenje a ku Bavaria anachita ndi kutenga zinthu za eni nkuzisandutsa zawo, ndipo anachita bwino kwambiri moti lero Mfalansa akaona unyolowu sangauzindikire ngati wake. Ifenso timadziwa kuti beni ndi malipenga zinachokera ku perete wa asilikali a atsamunda, koma palibe angauze Mtonga wa ku Nkhata Bay kuti malipenga si gule wake. Ngati kubwereka ndi kusandutsa kunali kololedwa kwa agogo awo m'zaka za m'ma 1800, sindikuona chifukwa chimene chitseko chomwecho chingatsekedwere munthu amene wafika lero.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti Charivari yeniyeni sigulidwa, imalandiridwa kwa bambo, nayenso anailandira kwa bambo ake. Mfundoyi ili ndi kukoma kwake, ndipo sindikuinyoza. Munthu amene wavala unyolo umene agogo ake anavala pa ukwati wawo, nadziwa nkhani ya dzino lililonse, ali ndi chuma chimene ndalama sizingagule. Komatu cholowa chilichonse chili ndi tsiku limene chinayamba. Munthu woyamba m'banjalo anapita kwa wosula siliva, nalipira tcheni, nayamba ndi kanthu kamodzi. Kuwonjezera apo, tiyenera kufunsa kuti ndani ankalandira cholowacho. M'madera ambiri a Bavaria wakale munda sunkagawidwa: unkapita kwa mwana mmodzi, ena nkukhala antchito pa minda ya eni kapena kulowera m'tauni kukasaka maganyu. Unyolo wolemera ndi siliva unali chizindikiro cha mlimi wopeza bwino, ndipo unkatsata mwini munda. Choncho lamulo lakuti Charivari sigulidwa likatsatidwa ndendende, oyamba kutsekeredwa kunja ndi zidzukulu za antchito a m'minda a ku Bavaria komweko, amene makolo awo analima nthaka yomweyo opanda siliva ndi kamodzi komwe. Onjezanipo anthu pafupifupi 2 miliyoni olankhula Chijeremani amene anathamangitsidwa kum'mawa kwa Ulaya nkhondo itatha mu 1945 nkufikira ku Bavaria ndi katundu wonyamula m'manja. Boma la Bavaria linafika potcha ochokera ku Sudetenland, dera la ku Czechoslovakia, kuti fuko lachinayi la chigawochi, kuwonjezera pa mafuko atatu akale. Kodi mdzukulu wawo, wobadwira m'tauni ya Rosenheim ku Bavaria komweko ndi kulankhula chilankhulo cha kumeneko, adikire mibadwo ingati kuti aloledwe kugula tcheni chake choyamba?

Mfundo yachiwiri ndi yakuti magulu osunga zovala za makolo ndi amene anapulumutsa mwambowu, ndiye ali ndi ufulu wonena woyenera ndi wosayenera. Gawo loyamba la mfundoyi ndi loona. Pofika m'ma 1880 kabudula wachikopa anali kutha, anyamata atayamba kukonda mathalauza a nsalu. Mu 1883 mphunzitsi wina wa ku Bayrischzell, Joseph Vogl, pamodzi ndi anzake asanu anakasoketsa makabudula akale nayambitsa gulu loyamba losunga zovalazi, ndipo mfumu Ludwig II inawaikira kumbuyo. Popanda anthu amenewa ndi magulu mazanamazana amene anatsatira, mwina lero kukanakhala kulibe chokanganirana. Koma mbiri yomweyi ikuonetsa kuti oteteza mwambo a lero anali osokoneza a dzulo. Anthu a m'mudzi mwawo anawaseka, ndipo atsogoleri a mpingo anadana ndi mawondo apamtunda, moti mu 1913 akuluakulu a mpingo wa Katolika ku Munich ananena kuti makabudulawa ndi osemphana ndi khalidwe labwino. Ambiri mwa amene anadzaza magulu oyambawo anali antchito wamba amene anasamuka kwawo kukafuna ntchito, anthu osowa kwawo amene ankafuna chowagwirizanitsa. Ndipo amene anachititsa kuti Dirndl itchuke m'mizinda anali abale awiri achiyuda ochokera ku Bielefeld, kutali kumpoto, Julius ndi Moritz Wallach, amene anatsegula sitolo yawo ku Munich mu 1900 navekanso anthu a pa perete wokumbukira zaka 100 za Oktoberfest mu 1910. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa zinachitikadi.

Zimene zinagwera banja la Wallach ndi chifukwa chimene ndimaopera funso la magazi likalowa pa nkhani ya zovala. Chipani cha Nazi chitalamula, zovala za makolo zinasandutsidwa chizindikiro cha mtundu. Mu 1938 sitolo ya a Wallach inalandidwa mokakamiza, Julius ndi Moritz anathawa m'dzikomo, ndipo m'bale wawo Max anaphedwa kumsasa wopherako anthu wa Auschwitz. Chaka chomwecho ku Salzburg, mzinda wa ku Austria imene inali italumikizidwa kumene ndi Germany, Ayuda analetsedwa kuvala Dirndl ndi Lederhose poyera. Ndinene momveka kuti sindikufanizira osunga mwambo a lero ndi anthu amenewo. Ambiri ndi anthu okonda kwawo, amene amathera nthawi yawo kuphunzitsa ana magule ndi nyimbo popanda malipiro, ndipo m'magulu awo ena muli kale ana a obwera. Chimene ndikunena ndi chakuti lamulo loti chovala ichi ndi cha obadwira kuno okha linayesedwapo kale m'dziko lomwelo, ndipo oyamba kuvulidwa anali amene anachikweza. Munthu wodziwa mbiri imeneyi amayenera kusamala lilime lake pamene akufuna kunena kuti uyu ndi uyu sakuyenera.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo ndiyenera kuipatsa malo ake. Amati zovala ndi maunyolo otchipa akupha amisiri. Pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima ku Munich, nyengo ya chikondwerero ikafika, masitolo amadzaza ndi makabudula a mtengo wotsika, ambiri osokedwa ku Pakistan ndi ku India, ndi maunyolo a chitsulo wamba chongopakidwa utoto wasiliva, mano ake a pulasitiki, onse ofanana ngati anabadwa tsiku limodzi. Mlendo amagula m'mawa, madzulo wataya. Pomwe kabudula weniweni wa chikopa cha nswala, wofufutidwa ndi mafuta a nsomba ndi kupetedwa pamanja, amadya masiku ambiri a mmisiri ndipo mtengo wake umapitirira ma euro 1,000. Ndikumvetsa kuwawa kwa munthu amene anaphunzira luso zaka zambiri akamaona chithunzithunzi cha ntchito yake chikugulitsidwa ngati zidole. Koma tiyeni tione zimene zachitikadi. Zithunzi za Oktoberfest za m'ma 1960 ndi 1970 zikuonetsa anthu ambiri ali m'masuti, m'majekete ndi m'majinzi. Kuti pafupifupi aliyense avale za makolo ndi chinthu chimene chinakula kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anachikulitsa ndi achinyamata ndi obwera omwewo amene akunyozedwa. Chikondwererochi chimalandira anthu oposa 6 miliyoni, ndipo mu 2023 anafika 7.2 miliyoni. Mwa unyinji umenewu, ambiri sakanagula kabudula wa mmisiri ngakhale otchipawo akanaletsedwa, chifukwa ndalamazo alibe. Koma ena amene anayamba ndi wotchipa ali pasukulu amati akayamba ntchito nkukaodetsa weniweni, ndipo amisiri odziwika lero amadikiritsa makasitomala miyezi yambiri.

Palinso china chimene odandaula za katundu wakunja satchula kawirikawiri. Chikopa cha nswala chimene amisiri enieniwo amasokera, chambiri chimachokera ku mafamu a ku New Zealand, chifukwa nswala za m'nkhalango za kwawo sizingakwanire. Ndipo mzinda wa Sialkot ku Pakistan, kumene makabudula ambiri otchipa amasokedwa, ndi womwewo umene umasoka mipira yambiri imene dziko lonse limasewera. Kumeneko kulinso anthu aluso odyetsa mabanja awo. Choipa chenicheni pa malonda amenewa ndi chinyengo, pamene chitsulo chopakidwa chikugulitsidwa ngati siliva kapena chikopa cha ng'ombe chikutchedwa cha nswala. Mankhwala a chinyengo alipo kale: siliva weniweni amakhala ndi chidindo cha nambala, 800, 835 kapena 925, chosonyeza kuchuluka kwa siliva pa magawo 1,000 alionse. Limbikitsani chidindocho, lembani poyera kumene chinthu chapangidwa, phunzitsani ogula kutembenuza unyolo ndi kuyang'ana kumbuyo kwake. Zimenezi zimateteza mmisiri. Kunyoza mnyamata amene wavala chimene thumba lake lakwanitsa sikuwonjezera ndi khobidi limodzi lomwe m'thumba la wosula siliva.

Mfundo yachinayi imati kuvala mano a nyama imene sunaphe ndi bodza, chimodzimodzi kuvala mendulo ya nkhondo imene sunamenye. Apa ndikugwirizana nawo theka. Unyolo wogulidwa uli wodzaza kale, wa mano a fakitale, ndi chinthu chosalankhula kanthu, ndipo ndikanakhala ndi mnzanga wofuna kugula wotere ndikanamuletsa. Koma si zoona kuti Charivari inali ya alenje okha. Mpaka mu 1848 ulenje m'maiko a Chijeremani unali mwayi wa mafumu ndi nduna zawo, ndipo mlimi wamba akapha nswala imene ikudya mbewu zake ankatengedwa ngati mbava. Ndi chifukwa chake anthu a m'mapiri amakumbukirabe opha nyama mozemba ngati Georg Jennerwein, amene anawomberedwa mu 1877, ngati ngwazi zawo. Zambiri zolendewera pa maunyolo akale sizinali zikho za ulenje: zinali ndalama za ubatizo, mphatso, zithumwa, zizindikiro za ntchito. Ngakhale Grandeln zenizenizo, mwambo wake ndi wakuti mlenje amazipereka kwa mkazi amene amamukonda, ndipo Albert, mwamuna wa mfumukazi Victoria ya ku Britain, amene anali Mjeremani, anapangitsira mkazi wake zokongoletsa za mano a nswala zimene anapha ku Scotland. Wovala sanali wopha nthawi zonse. Chofunika chinali chakuti kanthu kalikonse kakhale ndi nkhani yokhudza mwini wake.

Ngati zili choncho, ndiye kuti wobwera ali ndi njira yovalira Charivari mopanda bodza, ndipo njirayo ndi yomwe eni nthaka anayenda. Agule tcheni chopanda kanthu kwa wosula siliva, ayambe kudzaza yekha. Taganizirani mdzukulu wa munthu amene anatsika sitima pa njanji nambala 11 ya siteshoni ya Munich, pamene antchito ochokera ku Italy, Greece, Turkey ndi Yugoslavia ankafikira m'zaka za m'ma 1960 kudzagwira ntchito m'mafakitale. Mnyamatayo anabadwira ku Munich, amalipira msonkho kumeneko, mwina ndi wozimitsa moto wodzipereka m'dera lake. Akakoloweka pa tcheni chake ndalama yakale ya ku Turkey imene agogo ake anabwera nayo m'thumba, kachizindikiro ka ntchito yake ya umakaniko, ndi kanthu kamene mkazi wake anamupatsa pa chinkhoswe, unyolo umenewo ndi Charivari yeniyeni kuposa ya munthu wobadwira m'mapiri amene anagula yodzaza kale pa intaneti. Lero pafupifupi theka la anthu okhala mu Munich ndi obwera kuchokera kunja kwa Germany kapena ana awo. A ku Bavaria ali ndi dzina la anthu otere, Zuagroaste, ofika ndi ulendo. Mwambo umene ungakane theka la mzinda wake waukulu ukudzichepetsera wokha anthu oupitiriza.

Kumbali ina kuli anthu amene angagwirizane nane kuti aliyense avale, koma pa chifukwa chimene ine ndikuchikana. Iwo amati zonsezi ndi zachabechabe, zidole za alendo, mwambo wochita kupeka m'zaka za m'ma 1800, ziwalo za nyama zakufa ndi zikhulupiriro za umbuli. Amagwiritsa ntchito mawu akuti Kitsch, amene nawonso anabadwira m'misika ya zojambula ya ku Munich cha m'ma 1860 ndi 1870, kutanthauza zokongoletsa zotchipa zongokopa maso. Pa za nyama, pali pamene akunena zoona. Maunyolo akale ankakhala ndi zikhadabo za chiombankhanga ndi mbalame zina zolusa, ndipo ndi bwino kuti lero mbalamezi ndi zotetezedwa ndi lamulo. Palibe chokongoletsa chimene chingalungamitse kutha kwa mtundu wa mbalame. Koma nswala ndi nkhani ina. Ku Germany alenje amapha nswala zazing'ono zoposa 1 miliyoni chaka chilichonse motsatira malamulo, chifukwa zikachuluka zimadya mitengo yanthete nkhalango nkulephera kuphuka, ndipo nyama yake imadyedwa. Kusunga dzino kapena kanyanga ka nyama imene yadyedwa kale sikupha nyama ina yowonjezera. Kwa mlenje wa kumeneko ndi njira yoperekera ulemu kwa chimene chamudyetsa.

Pa za zikhulupiriro, ndikupempha kuti tisafulumire kuseka. Kadzanja ka mfuko, kamwala kofiira ka m'nyanja ndi ndalama ya chithunzi cha woyera mtima zinali zithumwa, ndipo ana ankavekedwa mkanda wa zinthu zotere wotchedwa Fraisenkette kuti asagwidwe ndi matenda okomoka. M'zaka za m'ma 1800 ku Bavaria pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse ankamwalira asanakwanitse chaka. Mayi amene ankamangira mwana wake kanthu m'khosi anali munthu wopanda chipatala, wochita chilichonse chimene akanatha. Zidzukulu zake lero zimapita kwa dokotala, ndipo kanthu kaja kakalendewera pa unyolo kamawakumbutsa kumene achokera. Za kupeka, inde, maonekedwe a lero a zovalazi anakonzedwa ndi aphunzitsi, mafumu ndi amalonda, ndipo Oktoberfest yomweyo inayamba ngati mpikisano wa akavalo pa ukwati wa Ludwig, mwana wa mfumu Maximilian Joseph, ndi Therese mu October 1810. Koma chinthu chimene mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi yakwatiramo, yabatizitsiramo ana ndi kuikiramo maliro sichingatchedwenso chopeka. Apa ndi pamene ndikusiyana ndi onyozawa: iwo amatsegula chitseko chifukwa akuti m'nyumbamo mulibe kanthu, ine ndikufuna chitsegulidwe chifukwa muli zabwino zoti ambiri adyeko.

Magulu osunga mwambo ali ndi malo amene mawu awo ayenera kukhala lamulo, ndipo sindikuwalanda. Lamulungu loyamba la chikondwerero kumakhala perete wa zovala za makolo, amene anachitika koyamba mu 1835, ndipo masiku ano anthu pafupifupi 9,000 amayenda mtunda wa makilomita 7 kudutsa mumzinda. Gulu la ku Miesbach kapena la ku Berchtesgaden likamayenda pamenepo, lili ndi ufulu wonse wouza mamembala ake mtundu wa chipewa, utali wa masokosi ndi malo okolowekapo unyolo, chifukwa likuonetsa chovala cha dera limodzi monga chilili. Chimene ndikupempha ndi chakuti khomo lolowera m'gululo likhale kuphunzira ndi kudzipereka, ndipo kunja kwa gululo asiye kulondera m'chiuno mwa anthu. Mphamvu imene amathera podandaula m'manyuzipepala chaka chilichonse ikanagwira ntchito yaikulu akanaika tebulo pafupi ndi masitolo otchipa aja, wosula siliva atakhala pamenepo ndi matcheni opanda kanthu, wachikulire wina wa gulu akufotokozera odutsa kusiyana kwa dzino la nswala ndi la pulasitiki, ndi chifukwa chake agogo ake anaika kapulawo pakati pa ndalama ziwiri.